DZINA LA GONDAR NDI ASILIKARI AMENE ANABWERERA ANZAO

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwacokera kutali, ku Mtenguleni, ku Feni, ku Chiparamba, ena mpaka ku Chadiza, ndipo mwasiya makasu pa nthawi imene munda sufuna kusiyidwa. Motero ndilowa m'nkhani mosazungulira.

Palibe munthu wa kuno ku Chipata amene sadziwa msasa wa asilikari wochedwa Gondar Barracks. Ana athu ena amagwira nchito kumeneko, amai ena amagulitsako ndiwo ndi nkhuku, ndipo wa njinga ali yense mukamuuza kuti "ku Gondar" safunsanso njira. Koma nditati ndifunse pano kuti Gondar ndani, ndikhulupirira kuti manja okwezedwa angakhale owerengeka. Dzinali si Cingoni, si Cicewa, si Cinsenga, ndiponso si la Mzungu wina wakale monga Jameson uja amene boma lathu lino linali kuchedwa nalo. Gondar ndi mzinda wa m'mapiri a kumpoto kwa dziko la Ethiopia, pafupi ndi nyanja ya Tana. Ndipo si Gondar yekha amene ali ndi dzina lacilendo. Ku Ndola kuli Tug Argan ndi Kalewa, ku Kabwe kuli Chindwin ndi Kohima, ku Lusaka kuli Arakan, ku Mufulira kuli Taung-up. Onsewa ndi maina a malo kumene kunali nkhondo zoopsa pakati pa 1940 ndi 1945, ndipo ambiri mwa malo amenewa anapondedwa ndi mapazi a makolo athu, anyamata ocokera m'midzi yonga yathuyi.

Lero sindikamba za amene anapha adani ambiri. Ndikamba za mtundu wina wa ngwazi, ndiye msilikari amene ali kale pobisala, moyo wake uli m'manja mwake, koma akumva mnzake akubuula pa mtetete, nadzuka kumtsata.

Poyamba timvetse cimene cimacitika munthu akalasidwa. Cipolopolo cikadula mtsempha waukulu wa pa nchafu, magazi amatuluka monga madzi a pa mpopi, ndipo ngati palibe womanga mwendowo zolimba pamwamba pa bala, munthuyo amatsirizika pa mphindi zowerengeka. Dokotala ali kutali kumbuyo. Amene angamupulumutse ndi yekhayo amene ali pafupi. Tsono mdani naye amadziwa zimenezi. Amadziwa kuti kulira kwa wolasidwa kumaitana anzake, motero amalozetsa ciwaya cake pamalo pomwepo ndi kudikira, monga mlenje amene wachera msampha pa mpita. Msilikari womenya nkhondo amakwawa ndi mimba, amabisala kuseri kwa mwala, ndipo ali ndi mfuti yobwezera. Wonyamula macila alibe zonsezi. Ayenera kuimirira, manja onse awiri ali pa mtengo wa macila, ndipo sangathamange cifukwa akagwedeza wolasidwayo bala limatseguka. Munthu mmodzi amafuna onyamula anai, ndipo m'matope kapena pa phiri amafuna oposa pamenepo kuti azilandizana.

Liripo lamulo la maiko loteteza anthu otere. Mu 1859 munthu wina wa ku Switzerland, Henry Dunant, anaona zikwi za olasidwa atasiyidwa pa bwalo la nkhondo ku Solferino m'dziko la Italy, opanda ngakhale wowapatsa madzi. Cisoni cake ndico cinabala bungwe la Red Cross ndi pangano la ku Geneva la mu 1864, lakuti wolasidwa ndi womunyamula asaomberedwe. Koma bomba liribe maso, ndiponso si onse amene analemekeza panganolo. Mu Disembala 1935 ndege za Mataliyana zinaponya mabomba pa cipatala ca Red Cross ca anthu a ku Sweden pafupi ndi Dolo m'dziko la Ethiopia, cizindikiro ca mtanda wofiira ciri poonekera. Amenewo ndiwo adani amene makolo athu anakakumana nao patapita zaka zisanu.

Gulu la nkhondo la dziko lino pa nthawiyo linali kuchedwa Northern Rhodesia Regiment. Linakhazikitsidwa mu 1933 kucokera m'gulu la apolisi, ndipo ndilo linasanduka gulu lathu la nkhondo titalandira ufulu mu 1964. Munali Abemba, Aila, Angoni, Acewa, Ansenga ndi mitundu yina, koma cinenero cimene onse anali kumvana naco pa perete ndi m'maenje cinali Cinyanja cathu comweci. Mu 1940 gulu lao loyamba linatumizidwa ku Somaliland, dziko la mcenga ndi miyala limene linali m'manja mwa Angerezi.

Pa 3 Ogasiti 1940 Mataliyana analowa m'dzikomo ndi asilikari oposa 20,000, akasinja, mizinga ndi ndege, motsogozedwa ndi Jenerali Guglielmo Nasi. Ndinene pano kuti ambiri mwa asilikari a Nasi anali anthu akuda anzathu a ku Eritrea, Ethiopia ndi Somalia, olembedwa nchito ndi mtsamunda wao monga momwe athu analembedwera ndi wathu. Oteteza anali ocepa, kotero kuti mmodzi anali kuyang'anizana ndi adani pafupifupi anai. Analibe kasinja ndi mmodzi yemwe, ndipo mizinga yao ya m'mapiri inali inai yokha. Mseu wocokera ku Hargeisa kupita ku doko la Berbera umadutsa pa mpata wa pakati pa mapiri, pamene pali mtsinje wouma wochedwa Tug Argan. Pamenepo pali timapiri tingapo, ndipo asilikari a kuno kwathu ndiwo anaikidwa pa timapiri timene tinali kutsogolo kwenikweni: Black Hill, Knobbly Hill, Mill Hill ndi Observation Hill. Bvuto linali lakuti timapiri timeneti tinali totalikirana, kotero kuti mdani anatha kudutsa pakati, ndipo a pa phiri limodzi sanathe kuthandiza bwino a pa phiri lina.

Nkhondo inayamba pa 11 Ogasiti. Tsiku lotsatira Mill Hill inagwa, pamodzi ndi iwiri ya mizinga inai ija. Timapiri tinato tinalimbikirabe, usana dzuwa likuocha miyala, mizinga ya adani ikugunda kosalekeza, madzi akumwa ali ocita kuyeza. Pa Observation Hill panali ziwaya za gulu la Somaliland Camel Corps, zimene nchito yake inali kuchinjiriza asilikari athu. M'gulu limenelo munali Asomali, munalinso kampani ya asilikari ocokera ku Nyasaland. Woyang'anira ziwayazo anali Kaputeni Eric Wilson, Mngerezi amene anayamba wagwirapo nchito ndi asilikari a ku Nyasaland mu King's African Rifles, naphunzira kulankhula Cinyanja. Bomba la mzinga linagwera m'dzenje lake, linamulasa phewa la kumanja ndi diso la kumanzere, ndipo ziwaya zinagwa pa miyendo yake. Sajeni wake wa Cisomali, Omar Kujoog, anafera pambali pake. Wilson anaimikanso ziwaya zija napitiriza kuombera. Malungo anamugwira pamwamba pa mabala aja, koma sanacoke. Pa 15 Ogasiti akuluakulu analamula kuti gulu lonse libwerere ku Berbera, koma mau amenewa sanafike kwa iye, ndipo madzulo a tsiku limenelo Mataliyana analanda phirilo.

Taonani cimene masiku asanu amenewo anagula. Usiku wa pa 15 asilikari otsala anayamba kutsika m'mapiri mumdima. Olasidwa sanatsike okha: anzao anawabereka ndi kuwanyamula kufikira pa mseu pamene panali magalimoto, ndipo kucokera pamenepo kukafika ku Berbera ndi ulendo wonga wocokera pano kupita ku Katete. Pa 17 Ogasiti gulu la ku Scotland lochedwa Black Watch linaima pa Barkasan kuchinga mdani, mpaka kumuthamangitsa ndi mipeni ya kunsonga kwa mfuti, kuti anzao apeze nthawi yokwera zombo. Anthu oposa 7,000, asilikari ndi anthu wamba, anaoloka nyanja kupita ku Aden. Pamene Nasi analowa mu Berbera pa 19 Ogasiti anapeza doko lopanda anthu. Ku mbali ya Angerezi anafa anthu 38, olasidwa anali 102, osowa anali 120. Nduna yaikulu ya ku Britain, Winston Churchill, inakwiya poona kuti dziko latayika koma akufa ndi ocepa cotere, ngati kuti asilikariwo sanamenye mokwanira. Jenerali Wavell anamuyankha kuti kuculuka kwa mitembo sikuonetsa kuti mtsogoleri wamenya nkhondo mwanzeru. Pa mkangano umenewu ine ndiri ku mbali ya Wavell, ndipo ndiganiza kuti mai ali yense wa m'midzi yino amene mwana wake anabwerako wamoyo akanagwirizana nane.

Wilson anayesedwa wakufa, ndipo mendulo ya Victoria Cross, imene iri yoposa zonse kwa Angerezi, inalengezedwa monga ya munthu womwalira. Koma mu 1941 anapezeka wamoyo m'ndende ya Mataliyana ku Eritrea, ndipo anakhala ndi moyo kufikira 2008. Anaiyenera menduloyo, palibe wotsutsa. Komatu ciwaya sicigwidwa ndi munthu mmodzi. Pali woombera, pali wolowetsa lamba wa zipolopolo, pali wothira madzi oziziritsa mpope wake. Pa nkhondo yonse ya 1939 kufikira 1945 palibe msilikari wakuda wa mu Afrika ndi mmodzi yemwe amene anapatsidwa Victoria Cross.

Tsono tifike pa dzina la msasa wathu. Nkhondo inatembenuka msanga. Berbera inalandidwanso mu Marici 1941, ndipo pa 5 Meyi caka comweco Mfumu Haile Selassie inalowanso mu Addis Ababa. Mataliyana otsala anadzitsekera m'mapiri ozungulira Gondar, ndipo mtsogoleri wao anali Nasi yemwe uja wa ku Tug Argan. Anakhala mmenemo dzinja lonse, pakuti mvula inatseka miseu. Mvula itakata, asilikari akuda a kum'mawa ndi pakati pa Afrika, motsogozedwa ndi Jenerali Charles Fowkes, pamodzi ndi eni dziko a ku Ethiopia omenyera ufulu wao, anakwera mapiri aja, katundu ali pa abulu ndi pamitu. Mpata wa Kulkaber unagwa pa 21 Novembala, ndipo pa 27 Novembala 1941 Nasi anagonja ndi asilikari ake oposa 20,000. Pamenepo ndipo panathera ulamuliro wa Italy m'dziko la Ethiopia. Munthu amene anathamangitsa makolo athu ku Somaliland anatula zida patangopita miyezi khumi ndi isanu. Ndilo dzina limene liri pa cipata ca msasa uja.

Ndikudziwa funso limene ena mwa inu muli nalo, makamaka inu a kwa Mpezeni. Mukuti, kodi nkhondo imeneyi inali yathu? Kodi si boma lomwelo limene mu Januwale 1898 linabwera ndi ziwaya kudzaphwanya Angoni a zishango ndi mikondo, linalanda ng'ombe, ndi kuombera Nsingu mwana wa mfumu? Ndi zoona, ndipo asilikari amene anacita zimenezo anacokera ku Nyasaland, m'gulu limene pambuyo pake linasanduka King's African Rifles. Ndi zoonanso kuti anyamata ambiri a mu 1940 sanapite cifukwa cokonda Mfumu George. Ena anathawa msonkho, ena anafuna ndalama ya cimalo kapena ya njinga, ena anacita kulozedwa ndi mfumu ya mudzi pamene bwanamkubwa wa boma anafuna ciwerengero. Sindikubisa zimenezi. Koma munthu amene akudzuka m'dzenje kukakoka mnzake sakuganiza za mfumu ya ku London. Akuganiza za uyo amene anagawana naye fodya dzulo, amene anamulembera kalata yopita kumudzi cifukwa iye sadziwa kulemba. Akulu anati mnzako akapsa ndebvu mzimire, ndipo mwambi umenewu sunabwere ndi Azungu.

Imvani za Lucas Majozi wa ku Zastron m'dziko la South Africa. Boma la kwao silinali kulola munthu wakuda kugwira mfuti, motero anthu akuda a m'gulu la Native Military Corps anali oyendetsa magalimoto, okumba maenje, ophika ndi onyamula macila. Usiku wa pa 23 Okutobala 1942 inayamba nkhondo yaikulu ya El Alamein m'cipululu ca Egypt. Asilikari a ku South Africa anapanikizidwa pakati pa mabomba okwirira pansi, ziwaya za Ajeremani zikusesa pamwamba, ndipo olasidwa anali ngundangunda pa mcenga. Majozi analowa mmenemo wopanda cida. Zidutswa za bomba zinamulasa mwendo, ciuno ndi khosi. Anauzidwa kuti apite akamangidwe mabala, koma anakana, nabwerera kukatenga wina, ndi winanso, usiku wonse, kufikira m'mawa pamene anakomoka cifukwa ca kutha magazi ndi kutopa. Anthu amene anali kuwanyamulawo anali Azungu a dziko lomwe lija limene linamuyesa wosayenera kugwira mfuti. Anapatsidwa mendulo ya Distinguished Conduct Medal, yoposa zonse zimene msilikari wakuda wa ku South Africa analandira pa nkhondo imeneyo. Atabwerera kwao anagwira nchito ya upolisi, ndipo anamwalira mu 1969, tsankho lija likadalipo.

Makolo athu atacoka ku Ethiopia, ambiri anaoloka nyanja kupita ku Burma kukamenyana ndi Ajapani. Kumeneko mdani woyamba sanali Mjapani koma matenda. Mu 1943, pa msilikari mmodzi wocotsedwa ku nkhondo cifukwa ca bala, panali 120 ocotsedwa cifukwa ca malungo, kamwazi ndi matenda ena. Mu 1944 gulu lalikulu la asilikari a kum'mawa ndi pakati pa Afrika, pansi pa Fowkes yemwe uja wa ku Gondar, linatumidwa kutsika cigwa ca Kabaw pakati pa dzinja, nyengo imene magulu ena anali kupuma. Miseu inasanduka phala, mitsinje inadzaza, ndipo cakudya cinali kuponyedwa ndi ndege. Wolasidwa kapena wodwala anali kunyamulidwa pa mapewa m'matope ofika m'maondo kufikira pamene galimoto kapena kandege kakang'ono kanatha kufika. Kumayambiriro kwa Disembala 1944 anafika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin. Ena athu anamenya ku gombe la Arakan mu 1945, cakufupi ndi Taungup. Mwamva tsono kumene maina a misasa ija anacokera.

Ku Arakan komweko kunacitika cinthu cimene ndifuna kuti inu a m'midzi mucimvetse, cifukwa wopulumutsa sanali msilikari. Isaac Fadoyebo anali mnyamata wa ku Nigeria amene analowa usilikari ali ndi zaka 16, nagwira nchito yothandiza madokotala. Mu Marici 1944 gulu lao linaukiridwa ndi Ajapani m'mbali mwa mtsinje wa Kaladan. Ambiri anafa. Fadoyebo analasidwa koopsa mwendo ndi thupi, ndipo Ajapani anamusiya poyesa kuti afa yekha. Anatsala m'thengo ndi mnzake David Kargbo wa ku Sierra Leone, nayenso wolasidwa. Anthu a m'mudzi wapafupi, alimi osauka a Cisilamu, anayamba kuwabweretsera mpunga ndi madzi mobisa, ndipo pambuyo pake mmodzi wa iwo, dzina lake Shuyiman, anawatenga kukawabisa m'nyumba mwake. Ajapani akanadziwa, iye ndi banja lake lonse akanaphedwa. Anthu awiriwa anakhala obisika miyezi isanu ndi inai kufikira asilikari anzao anafika. Fadoyebo anabwerera kwao wotsimphina koma wamoyo, ndipo mu 2011, ali nkhalamba, analemba kalata yothokoza imene mtolankhani Barnaby Phillips anakaipereka kwa ana a Shuyiman. Caka cotsatira Fadoyebo anamwalira.

Zotere si zacilendo kwa ife a m'malire. Pa 6 Marici 1978 asilikari a Ian Smith anaoloka Zambezi naukira Kavalamanja m'boma la Luangwa, kumene kunali msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe, ndipo asilikari athu ndi anthu wamba anafera komweko. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zigawenga za Renamo zinali kulowa m'midzi ya ku Chadiza, Katete ndi Petauke, kupha anthu ndi kulanda ziweto. Ambiri muli pano mukukumbukira kugona kuthengo, mukukumbukira asilikari amene anabwera kudzalonda malire, ndiponso abale athu a ku Mozambique amene tinawalandira m'makomo mwathu asanapite ku Ukwimi. Alipo pakati panu amene ananyamula wolasidwa pa njinga kapena pa ngolo usiku kupita naye ku cipatala, ndipo palibe amene anawalemba m'buku.

Wina anganene kuti zonsezi ndi zakale, anyamata a masiku ano alibe mtima wotere. Ameneyo amve za Chancy Chitete, msilikari wamba wa dziko la Malawi, anansi athu a kuseri kwa Mwami. Mu 2013 bungwe la United Nations linakhazikitsa gulu lapadera kum'mawa kwa Congo, la asilikari a ku Malawi, Tanzania ndi South Africa, lololedwa kutsata zigawenga kumene ziri. Mu Novembala 2018 Amalawi ndi Atanzania analowa m'nkhalango pafupi ndi mzinda wa Beni kukaphwanya misasa ya zigawenga za ADF, zimene zinali kupha anthu m'midzi ndi kusokoneza nchito yolimbana ndi matenda a Ebola. Zigawengazo zinawathira moto woopsa. Chitete ndi anzake anaima kubwezera moto kuti ena apeze mpata wobwerera pamalo abwino. Itafika nthawi yao yakuti naonso abwerere, Chitete anaona msilikari wa ku Tanzania, Kopolo Ali Khamis Omary, ali gone pa mtetete, wolasidwa koopsa, adani akuyandikira. Njira yopulumukira inali yotseguka pamaso pake. Iye anatembenuka, anafika pamene panali Omary, namukokera pobisika zipolopolo zikugwa, ndipo ali mkati momusamalira bala, cipolopolo cinamupeza. Chitete anafa. Omary anatengedwa ndi anzake ndipo anacira.

Anthu awiriwa sanali a dziko limodzi, sanali a mtundu umodzi, ndipo sanali a gulu limodzi. Mu Meyi 2019, ku New York, mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, anapereka kwa mkazi wake wamasiye mendulo yochedwa dzina la Kaputeni Mbaye Diagne. Diagne ameneyu anali msilikari wa ku Senegal amene pa nthawi ya kuphana kwa ku Rwanda mu 1994 anali kutenga anthu m'galimoto lake, ocepa ocepa, kuwadutsitsa pa zipata za akupha wopanda mfuti, kufikira anapulumutsa mazana, ndipo iye mwini anaphedwa ndi bomba pa 31 Meyi caka comweco. Menduloyi inakhazikitsidwa mu 2014, ndipo kucokera pamene inaperekedwa kwa banja la Diagne mwini wake, Chitete ndiye anali woyamba kuilandira. Asilikari athu a Zambia naonso akhala akutumidwa ku nchito zotere, ku Sierra Leone kumene oposa 200 anagwidwa ndi zigawenga mu Meyi 2000, ndi ku Central African Republic kuyambira mu 2015. Mukamaona mnyamata wa yunifomu pa msika wa Kapata, dziwani kuti mwina wabwerera ku malo otere.

Dzina la Chitete linalembedwa, ndipo lidzakhalapo. Nanga a makolo athu? Nkhondo itatha mu 1945, msilikari wamba wa Cizungu anapatsidwa ndalama yothokoza ya masheleni 10 pa mwezi uli wonse umene anatumikira, pamene wakuda anapatsidwa masheleni atatu ndi theka. Zikalata zoonetsa zimenezi zinaululidwa poyera mu 2019. Mu 2021 bungwe losamala manda a asilikari, Commonwealth War Graves Commission, linabvomera kuti anthu osacepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, amene anafa pa nkhondo ya 1914 kufikira 1918, ambiri a iwo a mu Afrika, sanalembedwe maina pa manda kapena pa cipilala ciri conse. Ambiri mwa amenewa anali amtengatenga, onyamula katundu ndi macila, ndipo midzi ya kuno ku Fort Jameson inapereka anyamata ake ku nchito imeneyo. Boma la Britain linapepesa. Koma kupepesa sikubweza dzina limene linaiwalika, ndipo amene angalibweze sali ku London. Ali pano, ndi inu agogo amene munamva nkhani zimenezi pa moto kwa atate anu ndi amalume anu.

Motero pempho langa kwa mafumu ndi anyakwawa ndi ili. Mudzi uli wonse ukhale ndi kope limodzi. Mphunzitsi wa pa sukulu yapafupi, kapena mwana wa sekondale wolemba bwino, ayende khomo ndi khomo pamodzi ndi nduna ya mfumu. Alembe dzina la msilikari kapena mtengatenga, ciwongo cake, mudzi wake ndi mfumu yake, nambala yake ya usilikari ngati ikudziwika, gulu lake, kumene anapita, ndiponso ngati anabwerako. Ngati banja likukumbukira kuti ananyamula mnzake, kapena kuti iye ndiye ananyamulidwa, zilembedwe monga momwe wokambayo wanenera, popanda kukometsera, pamodzi ndi dzina la wokambayo. Musaiwale a ku Kavalamanja ndi a nthawi ya Renamo, asilikari ndi anthu wamba omwe. Yambani ndi nkhalamba zimene zadwala, musadikire kuti mukolole. Ndipo amene muli ndi cikalata, mendulo kapena cithunzi m'bokosi, musacipereke kwa munthu ali yense kuti apite naco, ngakhale atabvala bwino motani. Wolembayo akopere zimene ziri pamenepo muli kuona, ndipo cinthuco cibwerere m'bokosi mwanu tsiku lomwelo.